Kung'ung'udza kwa Masipika a Fanuwelo

Inu mumati zoopsa zimadikira kuti kunja kude. Za Fanuwelo Kachingwe wa pa Mponela zinachitika dzuwa likuswa mtengo, anthu akugula tomato pamsewu, ndipo masiku oyamba mwini wakeyo sanachite mantha n'komwe. Iye anangopsa mtima basi.

Fanuwelo anali ndi situdiyo yojambulira nyimbo m'chipinda chakumbuyo cha nyumba yake ya lendi, kuseri kwa chigayo. Inali situdiyo yongodzipangira: makoma anawamata matireyi a mazira, pazenera anakhomapo matiresi akale, pakhomo anapachikapo bulangete. Koma khutu anali nalo. Oimba a ku Dowa, a ku Ntchisi, ena mpaka a ku Kasungu ankabwera ndi magitala awo kudzajambulitsa kwa iye, chifukwa ankati nyimbo ikadutsa m'manja mwa Fanuwelo imatuluka yoyera ngati madzi a pamjigo.

Sabata imeneyo anali ndi ntchito yaikulu kuposa zonse zimene anagwirapo. Kwaya ya amayi a pa tchalitchi china chapafupi, amayi khumi ndi asanu ndi atatu, inali yoti ibwere Lachisanu kudzajambula chimbale chathunthu. Tcheya wawo, Mayi Nankhoma, anali atamuchenjeza kale. "Achimwene, ife takana za ku Lilongwe chifukwa cha inu. Musatichititse manyazi." Pofuna kuti amayiwo adzadzimve bwino, Fanuwelo anachotsa timasipika take tating'ono n'kupeza masipika awiri aakulu, akale koma olimba, a mabokosi a thabwa lenileni. Anawaika Lamulungu madzulo, ina uku ina uku, moyang'ana mpando wake.

Lolemba m'mawa atayatsa mikisa, makina osakanizira mawu, anamva: mmmmmm.

Phokoso lotere si lachilendo kwa munthu wogwira zingwe. Limabwera chingwe chikaduka mkati, kapena waya wa magetsi akagona pamwamba pa waya wa mawu, kapena foni ikakhala pafupi. Fanuwelo anali atalithetsapo kambirimbiri m'masitudiyo a anzake, n'kumawaseka. Choncho anayamba modekha, akuimba mluzu. Anatulutsa foni m'thumba n'kukaisiya kuchipinda chogona. Mmmmmm. Anasiyanitsa mawaya, a magetsi kukhoma, a mawu pansi pa tebulo. Mmmmmm. Anazula chaja ya laputopu, anathimitsa babu, anachotsa zingwe zonse ziwiri n'kuikapo zatsopano za m'pepala. Anatsitsa voliyumu mpaka pansi, phokoso silinatsike. Anaikweza, silinakwere. Apa mluzu unatha.

"Ndiye mwati chakudya chizizire?" anafunsa mkazi wake Esinati, atasuzumira pabulangete.

"Tamvani kaye ichi."

Esinati anatchera khutu. "Ngati njuchi zili m'mphako."

"Njuchi zake ziti? Magetsi awa. Pali chinachake m'nyumba muno chikulowetsa phokoso."

"Chabwino. Mukachipeza mudye nacho limodzi."

Lachiwiri m'mawa anapeza masipika atatembenuka. Iye anawasiya akuyang'ana mpando, koma tsopano onse awiri anali atapenya kukhomo ngati anthu odikira minibasi.

"Mayi a Tamanda! Ndinanena kuti posesa musamakhudze zinthu zanga!"

"Ine kusesa m'chipinda chanu chonunkha mazira? Ndinalowamo liti? Ndipo zimabokosi zimenezo ndingazisunthe ine?"

Zinali zoona, sipika imodzi inkafuna manja awiri a mwamuna. Koma Fanuwelo analibe nthawi yoganizira zimenezo. Anawabwezera mmene anawaikira, anayatsa, anamva mmmmmm, ndipo maso ake anagwera pa firiji ya pabalaza.

Firiji imeneyo ndiyo inkasunga mafirizesi amene Esinati ankagulitsa pageti la sukulu. Fanuwelo anazula pulagi yake. "Kwa mphindi zisanu zokha," anatero. Phokoso silinasinthe, koma iye m'malo mobwezera pulagiyo anatuluka panja ndi ganizo lina. Anapita kwa owotcherera zitsulo a tsidya la msewu kukawapempha kuti aimitse makina kanthawi. Anamuyang'ana ngati wapenga, koma anaimitsa. Anathamangira kunyumba: mmmmmm. Anapita kuchigayo, anadikira mpaka amayi onse atagayitsa, n'kuchonderera woyendetsa chigayo kuti athimitse injini. Anathamangiranso kunyumba, thukuta lili kamukamu, ufa uli mbuu m'tsitsi: mmmmmm.

Pamene ankakumbukira za firiji n'kuti dzuwa litapendeka. Anapeza Esinati ataima pabalaza manja ali m'chiuno, madzi ofiira akuyenderera pansi mpaka kukhomo.

"Taonani ntchito yanga! Ndadzuka m'mamawa kuthira m'timapepala timeneti kamodzikamodzi, inu mukuliza mkonono. Mphindi zisanu zanu n'zimenezi?"

"Ndimayesa kuti mwina firijiyi..."

"Firijiyi yakhala muno zaka zinayi osang'ung'udza. Zabwera n'zimabokosi zanuzo. Bwanji osafunsa izo?"

Lachitatu zingwe zinasowa. Zija zatsopano zija, pamodzi ndi chingwe chachitali cha maikolofoni. Fanuwelo anagwada, anasuzumira pansi pa tebulo, anakutumula bulangete, akutukwana chamumtima. Anakazipeza pakhomo lotulukira panja, zitakulungidwa bwinobwino, zitamangidwa ndi kamphira kodula ku chubu cha njinga. Iye zingwe ankangozipiringiza pachigongono n'kuziponya m'katoni. Uku kunali kukulunga kwa munthu wina, munthu wodekha amene wakonzeka ulendo. Ndipo pakhomo pawo panalibe njinga.

Anaima kanthawi atazigwira m'manja. Kenako anapukusa mutu, n'kuimbira foni a Chipwaila.

A Chipwaila anali mmisiri wa zamagetsi wodziwika pa Mponela ponse, bambo wa imvi woyenda ndi tesita m'thumba la malaya. Anagwira soketi iyi, anagwira iyo, anazungulira nyumba yonse, n'kubwera akumwetulira.

"Nkhani yaing'ono, achimwene. Nyumba iyi ilibe ethi, waya uja wopita pansi. Magetsi otsala alibe kothawira, ndiye akulirira m'masipika mwanumo. Bweretsani khasu."

Anakumba dzenje kuseri kwa situdiyo, Fanuwelo akukumba, a Chipwaila akuloza. Anakhomamo chitsulo chachitali, anathiramo makala ndi mchere wonse wa kukhitchini kwa Esinati, anathira madzi, n'kukoka waya mpaka mkati. Itakwana nthawi ya nkhomaliro analowa, manja ali matope okhaokha, n'kuyatsa.

Mmmmmm.

"Latsikako pang'ono," anatero a Chipwaila.

"Silinatsike chilichonse, madala."

"Ayi, latsika. Kungoti inu mwalizolowera."

Ali mkati mokangana choncho, magetsi anazima. Chigayo chinaleka kulira, makina a owotcherera anati zii, wailesi ya kometera tsitsi inadukira pakati pa nyimbo. Timagetsi tobiriwira ta pamikisa tinathima. Mponela yense anakhala chete, moti mbuzi inamveka ikulira kutali kumsika.

Mmmmmm.

Amuna awiriwo anayang'anana.

"Ndi moto wotsalira mkati," anatero a Chipwaila. "Uzilala pompano."

Anadikira. Sunazilale. A Chipwaila anapita kuseri kwa masipika n'kuzula okha zingwe zonse, n'kuziika pansi patali. Tsopano mabokosi awiriwo anangokhala paokha, osalumikizika ku chinthu chilichonse cha m'dziko lino, koma ankang'ung'udzabe, ndipo ankamveka bwino kuposa kale chifukwa kunja kunali bata.

Apa Fanuwelo anaphulika. "Ndiye mundiuze inu amisiri! Ndasintha zingwe, ndasungunula mafirizesi, mkazi wanga sakundiyankhula, ndaimitsa chigayo cha eni ake, ndakumba dzenje ngati ndikuika maliro a galu. Mawa ndi Lachinayi, kenako amayi khumi ndi asanu ndi atatu aima pakhomo apa atavala yunifolomu. Ndikawauze chiyani? Kuti masipika anga..."

"Takhalani chete."

A Chipwaila anali atagwada, khutu lili pansalu ya sipika. Anakodola Fanuwelo ndi chala. Naye anagwada monyinyirika.

Phokosolo silinali longopitirira ayi. Linkapita, kupita, kupita, kenako n'kuduka pang'ono chabe. Ndipo pamene ladukapo pankamveka kanthu kena kakang'ono, ngati mphepo yolowa pakati pa mano ouma. Kenako linkayambiranso.

"Mwamva?" ananong'ona a Chipwaila.

"Ndi waya womasuka mkatimo."

A Chipwaila anaimirira pang'onopang'ono, akupukuta manja pabuluku. "Achimwene, ine magetsi ndinayamba kugwira inu musanabadwe. Andimenyapo, andiwotchapo chala ichi. Koma magetsi okoka mpweya sindinawaonepo."

Analonga zida zawo m'chikwama osayang'ananso kumbuyo. Anaiwala pulayala patebulo, ndipo mpaka lero sanaibwerere.

Fanuwelo anatsala yekha, ndipo mkwiyo wake unali usanathe. Anatenga sikuludiraiva n'kumasula thabwa lakumbuyo kwa sipika imodzi. Munalibe waya womasuka. Munali fumbi, ukonde wa kangaude, ndi maginito akuda ozizira. Koma munatuluka fungo limene linamubweza m'mbuyo: fungo la chipinda chotseka mawindo, chimene mwagona munthu wodwala nthawi yaitali. Anatseka msanga, zomangira zina n'kuzisiya pansi. Madzulo amenewo Esinati anabereka mwana n'kupita kukagona kwa mchemwali wake. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinamusautsa Fanuwelo kuposa kukalipa.

Lachinayi m'mawa kunamveka odi. Anali Mayi Nankhoma, atafunda chitenje chawo, akuti angodutsa kudzaona ngati zonse zili m'malo. Fanuwelo anayesa kuwachedwetsa pabalaza ndi nkhani za mvula, koma mayiwo anali atapendeketsa kale mutu.

"Kodi muno muli matenda?"

"Ayi, mayi. Ndi kavuto kakang'ono ka magetsi, ndikukonza."

Mayi Nankhoma anamudutsa n'kukankha bulangete. Masipika anali atapenyanso kukhomo. Phokoso linali litasintha: linkaduka pafupipafupi, ndipo kukoka mpweya kuja kunkatenga nthawi, n'kumakhala ngati kwakodwa penapake. Mayiwo anaima pamenepo nthawi yaitali. Anali munthu woti wachezerapo odwala ambiri m'midzi, ndipo nkhope yawo inaoneka ngati ya munthu amene wamva mawu owadziwa.

"Uyu ndi munthu," anatero motsitsa. "Ndipo watopa kwambiri. Zinthu izi munazitenga kuti?"

Fanuwelo anafotokoza. Lamulungu kunabwera bambo wina dzina lake Layitoni, wochokera kwa Nkhwichi, kuseri kwa Madisi. Anati masipikawo ndi a bambo ake, a Binisoni, amene anthu ankawatcha a Halo-Halo chifukwa kwa zaka makumi atatu ndi iwo ankazungulira ndi zokuzira mawu m'maukwati ndi m'maliro a dera lonselo. Anati madalawo akalamba, ntchito anasiya, ndipo masipika akungodya malo. Anasinthanitsa ndi jenereta yakale ya Fanuwelo.

"Eni akewo anavomera?"

"Mwana wawo ndi amene anabwera nawo."

"Sindinafunse za mwana." Mayi Nankhoma anakonza chitenje chawo. "Mawa tibwera, tidzaimba ndi timasipika tanu takale tija. Koma awa tisadzawapeze muno. Ndipo ndikanakhala inu, sindikanadikira kuti ndimwe tiyi."

Fanuwelo anatuluka akuwira. Mumtima ankati akamupeza Layitoni amuuza mawu osaiwalika, amutulira zimabokosi zake pakhomo, n'kunyamula jenereta yake. Anaitana a Zakeyu, bambo wa kabaza ya njinga yamoto amene ankaima pa siteji ya ku Ntchisi. Anamangirira masipika kumbuyo ndi mphira, ina mbali iyi ina mbali iyo, zingwe pamwamba, Fanuwelo n'kudzipanikiza pakati, msana utatsamira thabwa.

Pa tala sizinamveke chifukwa cha injini ndi magalimoto. Koma Fanuwelo ankazimva ndi msana. Kunjenjemera kuja kunkalowa m'nthiti, kuduka, kuyambiranso, mpaka anazindikira kuti naye wayamba kupuma motsatira. Anayesa kupuma mwa iye yekha, zinakanika.

Atapatuka pa Madisi n'kulowa msewu wafumbi, a Zakeyu anachepetsa liwiro, kenako anaima.

"Bwana, njinga yanga ndimaidziwa kulira kwake. Ichi n'chiyani?"

"Ndi mphepo ikulowa m'mabokosimu. Tiyeni."

"Mphepo titaima?"

"A Zakeyu, chonde. Sabata ino ndayankha mafunso okwanira. Tiyeni!"

Anapitirira, koma a Zakeyu anakhala chakutsogolo kwenikweni, pafupifupi pathanki. M'mudzi woyamba agalu anatuluka, osauwa, anangotsatira njinga chapatali michira ili pansi. Patsogolo pang'ono anakumana ndi mayi atasenza nkhuni. Mayiyo anapatuka, anatula mtolo wake, n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu atazolika mutu. Bambo wina amene ankapalasa njinga yakapalasa anatsika, anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa mpaka iwo atadutsa.

"N'chifukwa chiyani akutipatsa ulemu wa maliro?" anafunsa a Zakeyu.

Kumsana kwa Fanuwelo phokoso lija linali litafooka, likumangoti mm, n'kukhala chete nthawi yaitali, mm, n'kukhalanso chete. Nthawi iliyonse likaduka, iye ankapezeka akudikira, akulipempha mumtima kuti liyambirenso, phokoso lomwe lija analitukwana masiku anayi.

"Thamangani," anatero.

"Mchenga uwu, bwana, tigwa."

"Thamangani, a Zakeyu!"

Anafika pa kamlatho ka mitengo, pomwe madenga a kwa Nkhwichi ankaonekera patsidya. Matayala atangogunda mtengo woyamba, masipika onse awiri anatulutsa mpweya umodzi wautali, wofunda, umene Fanuwelo anaumva ukudutsa m'malaya mpaka m'khosi. Kenako zii. Thabwa linangokhala thabwa.

A Zakeyu anathimitsa injini. Anakhala pamlathopo, madzi akuyenda pansi pawo. Ndiyeno kuchokera kumudzi kuja kunamveka mawu a mayi mmodzi akukwera m'mwamba, ena n'kulandira, mpaka mudzi wonse unadzaza ndi kulira.

Anakankha njinga ndi manja mtunda wotsalawo. Pofika anapeza amuna akudula masamba oti aike pamsewu. Palibe anawafunsa kuti ndinu ndani kapena mwadzatani. Amuna awiri achikulire anangobwera, anamasula mphira, ananyamula masipika mwaulemu n'kukawaika pakhonde la nyumba ya malata, pamalo awiri pomwe simenti inali yoyera kusiyana ndi pena ponse. A Zakeyu atangoona kuti katundu watsika, anatembenuza njinga n'kubwerera osatsanzika.

Layitoni anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, mutu uli pakati pa mawondo. Anadzutsa maso, anaona Fanuwelo, n'kuwabwezanso pansi. Mawu onse amene Fanuwelo anakonza m'njira anasowa kolowera. Anangokhala pa njerwa pamodzi ndi amuna ena.

Dzuwa litapendeka, anthu a mpingo anati zokuzira mawu zilumikizidwe kuti uthenga umveke m'midzi yozungulira. Anatulutsa ampulifaya yakale ya malemuyo, ya dzimbiri, yomangidwa ndi waya wa mpanda. Anailumikiza ku jenereta ija ya Fanuwelo, imene iye ankaidziwa bwino kuti imalowetsa phokoso ngati thirakitala. Mawaya anangowapotokola ndi mano, osamata n'komwe, ena akugona m'fumbi, a magetsi ndi a mawu atapiringizana. Fanuwelo anayang'ana zonsezo ndipo mmisiri wa mwa iye anafuna kukuwa. Mkulu wa mpingo anagwira maikolofoni, anaigogoda ndi chala, n'kuyamba kulengeza zovutazo.

Mawu anatuluka oyera. Pakati pa liwu ndi liwu panalibe kanthu, ngakhale kakang'ono. M'moyo wake wonse Fanuwelo anali asanamvepo masipika olira bwino choncho.

Asananyamuke, mayi wina anabwera kudzamuuza kuti namfedwa akumufuna. Anavula nsapato n'kugwada pakhomo la siwa. Mkatimo munali amayi okhaokha, ndipo pakati pawo panakhala mayi wokalamba, wochepa thupi, maso atatupa. Anali akazi a malemu Binisoni. Fungo la m'nyumbamo Fanuwelo analizindikira.

"Ndinu mwabwera nawo?" anafunsa mayiwo.

"Ndine, mayi. Pepani ndi zovutazi. Ine sindinadziwe kuti..."

"Mwanayu anatulutsa masipikawo bambo ake ali m'tulo. Atadzuka Lolemba n'kuona pakhonde palibe kanthu, sanayankhulenso. Phala anakana, madzi anakana. Amangobuula, maso ali kumsewu. Adokotala anati sadutsa tsiku limenelo. Abusa anabwera kawiri kudzawatsanzika. Ife tonse tinawauza kuti pitani, bambo, mwatopa, pumulani. Iwo ayi."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kumuyang'ana Fanuwelo mosakwiya kwenikweni, koma ngati mmene mayi amayang'anira mwana amene anamutuma m'mawa n'kubwera madzulo.

"Masiku anayi munthu akukuitanani, bambo inu. Mumatani nthawi yonseyi?"

Fanuwelo anatsegula pakamwa. Anayang'ana manja ake, m'zikhadabo mukadali matope. Amayi onse a m'siwamo ankadikira yankho.

"Ndimasintha zingwe, mayi," anatero.